Lenzi ya agogo, kamera ya mdzukulu

Tsiku lopereka madigiri ku yunivesite ya Malawi, Zomba imadzuka msanga. Pofika 7 koloko ojambula amakhala atazungulira kale Great Hall, aliyense kamera ili pakhosi, maso ali kwa makolo amene akutsika m'maminibasi atatchena za ku tchalitchi. Ntchito yake ndi yaliwiro. Mwana akangotulukira pakhomo ali m'gauni, wina wamutola kale, ndipo dzuwa lisanapendeke chithunzi chimakhala chitasindikizidwa, chikudikira mwini wake abwere ndi ndalama.

Chancellor College inasamukira ku Zomba mu 1973, ndipo kwa zaka pafupifupi 30 kuchokera pamenepo ntchito yomweyi inkagwiridwa ndi filimu. Wojambula wa nthawi imeneyo ankadziwa kuti filimu imodzi imatulutsa zithunzi 36 basi, choncho chala chake sichinkathamangira batani. Akachoka pa koleji ankapalasa njinga kuzungulira Chikanda, Chinamwali, Sadzi, Matawale mpaka ku Zakazaka, kujambula zinkhoswe, ubatizo ndi anyamata ofuna chithunzi chotumiza kwa chibwenzi. Ankalandiriratu theka la ndalama, kukatsukitsa, n'kubwera patatha sabata. Zikavuta panali mawu awiri othetsa mlandu, ndipo amene anakula nthawi imeneyo sanawaiwale: filimu yapsa.

Makamera awo anali a mayina ngati Yashica, Pentax, Minolta, Zenit, Canon ndi Nikon. Ena anagulidwa m'masitolo, ena anabwera ndi matchona kuchokera ku Joni ndi ku Harare, ena anasiyidwa ndi azungu amene ankagwira ntchito kuno Zomba idakali likulu, boma lisanasamukire ku Lilongwe mu 1975. Filimu itasowa, otsuka zithunzi nawo atasiya kugula mankhwala ake, makamerawa anakagona pansi pa bedi. Si kuno kokha. Ngakhale Kodak, mwini wake filimu, inalengeza mu 2012 kuti ngongole zaikulira.

Komatu pa kamera yoteroyo chimene chinatha ntchito ndi thupi lokha. Lenzi, chija chakutsogolo chimene chimamasuka ukachipotokola, ilibe batire, ilibe waya. M'kati mwake muli magalasi 6 kapena 7, chitsulo ndi girizi. Imasonkhanitsa kuwala n'kukuponya pa chilichonse chimene chili kumbuyo kwake, kaya ndi filimu kaya ndi sensa ya kamera ya dijito, iyo ilibe nazo ntchito.

Nkhaniyi ikutikhudza chifukwa cha m'thumba. Lenzi yatsopano imalowa m'dziko muno ndi madola, ndipo madolawo ndi osowa. Mu Novembala 2023 kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Mnyamata amene wadzimana mpaka kugula kamera yogwirapo kale ntchito nthawi zambiri amakhala ndi lenzi imodzi yokha, ija ya 18-55mm yobwera ndi kamera, imene ikatambasulidwa mpaka pa 55mm imathera pa f/5.6. Lenzi wamba ya 50mm f/1.8, imene inkabwera ndi makamera a filimu, imalowetsa kuwala kochuluka pafupifupi ka 10 kuposa pamenepo. M'tchalitchi cha mawindo ang'onoang'ono, kapena magetsi akathima pakati pa chinkhoswe, wa lenzi yakaleyo amapitiriza kujambula mnzake atayamba kale kufufuza mabatire a fulashi.

Nkhani yagona pa mamilimita

Lenzi iliyonse anaipanga kuti izikhala pa mtunda wakutiwakuti kuchokera pa filimu. Malenzi a mazinga otchedwa M42, amene anayambira ku East Germany mu 1949 n'kufalikira pa Praktica, Zenit ndi Pentax zakale, amafuna mamilimita 45.46. A Pentax K, amene anabwera mu 1975, amafuna mtunda womwewo. A Nikon F, oyambira mu 1959, amafuna 46.5, a Olympus OM 46, a Yashica ndi Contax 45.5, a Minolta akale 43.5, a Canon FD 42. Mpata wonsewu ankausiyira kagalasi kopendekera kamene kankakhala pakati pa lenzi ndi filimu, kamene kankadumpha munthu akadina batani.

Makamera amakono otchedwa mirrorless alibe kagalasi kameneka. Kuyambira pa Panasonic G1 ya mu 2008, kudzafika pa Sony, Fujifilm, kenako Nikon Z ndi Canon R mu 2018, sensa inasendera pafupi ndi khomo: mamilimita 18 pa Sony E, 17.7 pa Fujifilm X, 20 pa Canon RF, 16 pa Nikon Z. Ndiye adaputa imene anthu amaitchulayi si chinthu chozizwitsa ayi. Ndi kapaipi kachitsulo kopanda galasi, kodzaza mpata wotsalawo. Kuti lenzi ya M42 ikhale pa Sony pafunika kapaipi ka mamilimita 27.46, mbali ina mazinga, mbali ina mano olowa pa kamera. Zatha pamenepo.

Povuta ndi pa makamera a dijito amene akadali ndi kagalasi, a DSLR, omwe ndi amene ojambula athu ambiri akudyera mpaka pano. Wa Canon ali ndi mwayi: kamera yake imafuna mamilimita 44, choncho M42, Pentax K, Olympus, Yashica ngakhale Nikon zimakhalapo ndi kamkombero kopyapyala. Choseketsa n'chakuti lenzi yakale ya Canon yomweyo, ya FD, ndi imene imakana, chifukwa mu 1987 kampaniyi inasinthiratu khomo la makamera ake, ndipo 42 ndi wochepa kwa 44. Minolta yakale nayo imakana. Wa Nikon ndiye ali pamphanda: 46.5 ndi wautali kuposa pafupifupi ena onse, kotero lenzi ya M42 imakhala patali ndi sensa, n'kumaona bwino zapafupi zokha. Alipo maadaputa okhala ndi kagalasi kokonza vutoli, koma otchipa ake amaononga chithunzi, ndipo ine sindingauze munthu kuti atayirepo ndalama. Wa Nikon asake malenzi akale a Nikon yemweyo, amene amalowa popanda adaputa. Achenjere ndi zinthu ziwiri zokha: malenzi opangidwa chisanafike chaka cha 1977, asanabwere otchedwa AI, akhoza kuthyola kachitsulo ka pakhomo pa makamera ena, ndipo makamera ang'onoang'ono monga D3200 ndi D5300 sayeza kuwala akavala lenzi yakale, ndiye munthu amaika pa M n'kuyesa mpaka zitagwira.

Malo oyesera adaputa tili nawo aulere. Kwerani ku Emperor's View, pamene anaima mfumu ya ku Ethiopia Haile Selassie mu 1965. Kutsogoloko kuli nyanja ya Chilwa, chigwa cha Phalombe ndi phiri la Mulanje. Potokolani mkombero wa fokasi mpaka pothera, pa chizindikiro chija cha 8 wogona. Mulanje akakana kuoneka bwinobwino, adaputa yanu ndi yonenepa, ibwezeni. Akaoneka musanafike pothera, ndi yopyapyala pang'ono, ndipo zimenezo sizipha. Opanga ambiri amachita dala. Kungoti musayese mu Seputembala kapena Okutobala, pamene utsi wa moto wa kutchire umaphimba chigwa chonse, chifukwa mudzaimba mlandu lenzi yosalakwa. Dikirani mvula itsuke mpweya. Wopanda ya kabaza angoima m'tauni n'kuloza mitengo ya pamwamba pa phiri, mayeso ake ndi omwewo.

Kamera ikavala lenzi yopanda waya imaganiza kuti ili maliseche, ndipo ina imakana kujambula mpaka mwini atailoleza mu menyu kuti izijambula popanda lenzi. Mukatero ikani pa A kapena pa M. Bowo lolowetsa kuwala, limene ojambula amati aperture, mulitsegula ndi kulitseka ndi dzanja pa mkombero wa manambala. Malenzi ena a M42 ali ndi kamsomali kumbuyo kamene kamera yakale inkakankha kuti bowolo litseke. Akakhala ndi kabatani kolembedwa A ndi M, kasunthireni pa M. Akakhala opanda, pafunika adaputa ya mlomo m'kati yokankha kamsomaliko, apo ayi lenzi idzangokhala yasa mpaka kalekale.

Kukwera nayo phiri

Msewu wopita ku Ku Chawe ukamatha kukhotakhota, mumayamba kukumana ndi ogulitsa zipatso: masitirobere, mabulosi achikasu ndi ofiira, magalagadeya, zitaunjikidwa m'timbale. Gulani kaye, mupemphe bwino. Munthu akamva kuti "Mayi, ndingakujambuleni ndi zipatso zanuzi?" amayankha mosiyana ndi amene wangoona chigalasi chitamuloza.

Tinene kuti mwavala Helios 44-2, ya 58mm f/2, mwaima mita imodzi ndi theka kuchokera kwa mayiwo, bowo lili lotsegula lonse. Pa kamera ya sensa yaing'ono, malo ooneka bwino kuchokera kutsogolo kufika kumbuyo ndi masentimita 5 okha kapena kuposa pang'ono. Mukagwira diso, khutu layamba kale kusungunuka. Mayiwo akaseka n'kuweramira kutsogolo, fokasi yathawira pa mpango. Apa ndi pamene kamera ya mirrorless imathandiza: imakulitsa chithunzi pa sikirini kuti muone nsidze imodziimodzi, kapena imapaka utoto wofiira kapena wachikasu m'mphepete mwa chilichonse chimene chagwira. Ojambula ozolowera akafika pafupi amasiya kupotokola mkombero, n'kumasuntha thupi lawo pang'onopang'ono mpaka diso litawala, kenako n'kudina atagwira mpweya.

Kumbuyo kwa mayiwo kukakhala mitengo ya paini yodutsa kuwala, Helios imachita chimene inatchuka nacho: timadontho ta kuwala timazungulira munthuyo mozondoka mutu. Kwa akatswiri opanga magalasi chimenechi ndi chilema. Lenziyi anakopera ku Biotar ya Carl Zeiss ya ku Germany, ndipo mafakitale a Soviet Union, ku Krasnogorsk, Minsk ndi Valdai, anaipanga m'mamiliyoni n'kumaimangirira pa Zenit. Pa ambiri mwa malenzi amenewa, manambala awiri oyambirira a nambala yake amanena chaka chimene anapangidwa. Nthawi ya Kamuzu boma lathu silinkadyera mbale imodzi ndi mayiko achikomyunizimu, koma Zenit inkagulitsidwa motchipa ku Britain, ndipo katundu wotchipa sasowa njira. Lero chilema chija ndi chimene chikusakidwa. Greig Fraser, amene anajambula kanema wa Dune: Part Two wa mu 2024, anagwiritsa ntchito malenzi akale a ku Soviet Union, ovekedwa zitsulo zatsopano, pa mbali zina za kanemayo.

Kunena zoona, kuzungulira kwa Helios kumakoma pa chithunzi choyamba ndi chachiwiri, chachikhumi chayamba kutopetsa. Wofuna lenzi yodyera angachite bwino ndi zofatsa: Pentax-M 50mm f/1.7, Yashica ML 50mm, Minolta Rokkor, Nikon Series E 50mm f/1.8. Izi zikafika pa f/4 kapena f/5.6 zimatulutsa chithunzi chimene kasitomala sangadziwe kuti lenzi yake ndi yaikulu kwa wojambulayo.

Pali chimodzi chimene chimakhumudwitsa ongoyamba. Sensa ya makamera ambiri amene tingakwanitse ndi yaing'ono kuposa filimu, motero imadula m'mbali. Lenzi ya 50mm imaona ngati ya 75mm, ya 58mm ngati ya 87mm, ya 28mm imene kale inali yotambalala imasanduka ya 42mm. Wofuna kulowetsa chigwa chonse mu chithunzi chimodzi ali pa Queen's View, malo amene anatchulidwa polemekeza Queen Mother amene anafika mu 1957, abwerere ku 18-55mm yake ija. Pamenepo yakale yagonja. Koma kudula komweko kumapindulitsa kwina. Lenzi ya 135mm, imene ambiri amaitaya, imafika pa 200mm, yokwanira kutapa chilumba cha Chisi pakati pa nyanja ya Chilwa kapena madenga a m'tauni pansipo.

Phiri la Zomba, limene nsonga yake imaposa mamita 2,000, ndi la chifunga. Chiperoni chikagwa mu Juni kapena Julayi, kamera yodziikira fokasi imasokonezeka: injini yake imapita uku ndi uku kusowa pogwira. Lenzi yamanja imakhala pamene mwaisiya. Ndipo ili ndi manambala a mtunda olembedwa pathupi, amene malenzi otchipa amakono anasiya kulemba. Ya 28mm mukaiika pa f/8, fokasi pa mamita 5, chilichonse kuyambira pa mamita awiri ndi theka mpaka kumapeto kwa dziko chimaoneka, ndipo mungayende kuchokera ku damu la Mulunguzi mpaka ku Williams Falls osaugwiranso mkomberowo. Pa mathithipo, kamera ili pa miyendo itatu, bowo pa f/11, madzi amaoneka osalala miyala ili chilili.

Dzuwa ndiye limaivutitsa lenzi yakale. Malenzi opangidwa zisanafike zaka za m'ma 1970 ambiri anapakidwa mankhwala ochepetsa kunyezimira kamodzi kokha. Pentax inayamba kupaka kangapo, kumene inakutcha SMC, mu 1971. Dzuwa likalowa cham'mbali chithunzi chimayera mbuu. Chipewa chogwirizira pamwamba pa lenzi chimathetsa nkhaniyo.

Ndipo tisanamizane. Pa perekaniperekani, mkwatibwi akuvina ndalama zikuuluka, kapena pa mzere wa ophunzira 200 otuluka mu Great Hall, lenzi yamanja idzakuphonyetsani ndalama. Minolta itatulutsa kamera yake ya 7000 mu 1985, yodziikira yokha fokasi, ojambula sanaithamangire chifukwa cha ulesi. Yakaleyi ndi ya zinthu zodikira: nkhope, maluwa a ku Botanic Gardens, chipilala cha asilikali a King's African Rifles, makoma a Hotel Masongola amene anamangidwa mu 1886. Imakomeranso ojambula mavidiyo a nyimbo, chifukwa mkombero wake umayenda mtunda wautali mosalala, ndipo kusamutsa fokasi kuchoka pa woimba kupita pa gitala kumatheka ndi zala ziwiri.

Chuku

Mdani weniweni wa lenzi ku Zomba ndi chinyezi. Mvula imene imadzaza Mulunguzi ndi Likangala imalowanso m'makabati, ndipo chinyezi chikakhala pa 70 peresenti kapena kuposa kwa masiku angapo, mumdima, chuku chimamera m'kati mwa magalasi. Chikakhalitsa chimadya mankhwala opaka aja n'kusiya zipsera zosachoka.

Choncho musanapereke ndalama, vulani zitsekerero zonse, tsegulani bowo, muunike ndi tochi ya foni kuchokera kumbuyo uku mukusuzumira kutsogolo mopendeketsa. Fumbi mudzaliona lambiri, lisakuopseni, silioneka pa chithunzi. Chuku chimaoneka ngati ulusi wa kangaude woyambira m'mphepete kulowera pakati. Chikakhala kadontho m'mbali, lenziyo ingagwirebe ntchito, koma ikhale kutali ndi zinzake. Chikafika pakati, kapena galasi lonse likaoneka la utsi, isiyeni. Kukalika kwa galasi la kutsogolo sikuononga kwenikweni. Kwa la kumbuyo ndiye koipa. Tsegulani ndi kutseka bowo kangapo: timasamba tachitsulo tija tikhale touma ndi tochangamuka, tosanyezimira mafuta. Mkombero wa fokasi uyende osagwiragwira.

Mukapeza Super-Takumar 50mm f/1.4 ya magalasi achikasu, sikuti yaonongeka. Ambiri mwa malenzi amenewa, ndi ena a nthawi yomweyo, anasakaniza thorium m'galasi, amene amatulutsa radiation yochepa ndipo amalisandutsa lachikasu pakapita zaka. Kuiika padzuwa kwa masiku kapena masabata kumachepetsa chikasucho, ndipo chotsalacho kamera ya dijito imakonza yokha. Kujambulira n'kosaopsa. Chosayenera ndi kuliphwanya kapena kulipala galasilo.

Kusunga kwake n'kosavuta koma kumafuna khama. Chikwama chachikopa chimene inabweramo ndi nyumba ya chuku, chichotseni. Pezani kontena yapulasitiki yotseka bwino, muikemo timapaketi ta silica gel, tija timabwera m'mabokosi a nsapato, ndipo muzitiumitsa pafupipafupi chifukwa timakhuta madzi. Mukatsika kuphiri kozizira kulowa m'tauni mofunda, galasi limachita thukuta. Isiyeni m'chikwama mpaka itafunda, kenako muiyanike poyera musanaitsekere. Musaipukute ndi malaya kapena mankhwala otsukira mawindo. Ndipo wokonza mafoni kapena mawotchi, ngakhale ali ndi dzanja labwino, asaimasule ngati sanayambe wamasulapo lenzi: mazinga a fokasi ali ndi polowera pangapo, ndipo akalowa polakwika Mulanje simudzamuonanso.

Za mtengo ndingonena chimodzi. Amene akusunga zinthuzi nthawi zambiri ndi wojambula wokalamba kapena mayi wamasiye, ndipo sadziwa kuti kunja kuno zayambanso kufunidwa. Mitengo yake ili poyera pa intaneti. Kumupatsa ya sopo munthu wotero ndi kuba.

Mukafika pakhomo loterolo, funsaninso za manegetivi. National Archives of Malawi, imene ili mom'muno mu Zomba kuyambira 1947, imasunga mapepala ndi zithunzi za boma, ndipo Society of Malawi ili ndi zake ku Mandala House ku Blantyre. Koma maukwati a ku Chinamwali, makwaya, matimu a mpira a m'makwalala, mavalidwe a atsikana pamene lamulo la 1973 linkaletsa akazi kuvala mathalauzi ndi masiketi aafupi, zambiri mwa zimenezi zili m'maenvulopu a ojambula oyendayenda aja, ndipo chuku chomwe chija chikuwadya.

Lenzi imene inajambula manegetiviwo ndi yomwe ingawapulumutse. Pakati pa lenzi ya 50mm ndi adaputa mukaika timapaipi toonjezera, totchedwa extension tubes, tokwana mamilimita 30 mpaka 35, negetivi imodzi imadzaza sensa yaing'ono. Kamera iyang'ane pansi ili pa miyendo itatu. Negetivi igone chafulati, kuwala kuchokere kunsi kwake: sikirini yoyera ya foni imakwana, bola ikhale patali masentimita angapo, pakati pali pulasitiki yoyera, kuti timadontho ta sikiriniyo tisaoneke. Bowo likhale pa f/8, fokasi igwire timchenga ta filimuyo, ndipo mudine ndi taima kuti kamera isagwedezeke. Mapulogalamu aulere monga darktable ndi GIMP amatembenuza chithunzicho. Chakuda ndi choyera chimatheka nthawi yomweyo; chakala chili ndi utoto wa lalanje umene umafuna kuleza mtima kuti khungu la munthu libwerere mwakale. Dzina la mkwati, mudzi wake ndi chaka, izo kompyuta singazipeze. Mufunse mdalayo tsiku lomwelo, negetivi ali nayo m'manja akuiyang'anira padzuwa, ndipo zimene anene muzilembe pa dzina la fayilo.